GITALA IMENE INAGONA M'DENGA ZAKA 40

M'mudzi wina wa m'dziko la Mfumu Pembamoyo, m'boma la Vubwi, kufupi ndi malire a Malawi, muli mkulu wina amene zaka zake zapitirira 70. Anthu a m'mudzimo amamdziwa monga mlimi wa nshawa ndi soya, mkulu wa mpingo wosacedwa ku mapemphero, ndiponso munthu wa mau ocepa pa bwalo la milandu. Amadziwanso kuti pa unyamata wake anagwirako nchito ku migodi ya ku Kitwe, monga anacitira amuna ambiri a kuno kum'mawa. Koma kufikira caka ca 2023 panalibe munthu, kupatula mkazi wake yekha, amene anadziwa cimene cinali m'thumba la feteleza lomangiriridwa ku mapaso a denga la nyumba yake. Nyumbayo anaimanga katatu, ndipo katatu konse anakwera yekha usiku kukamangirira thumbalo pamwamba. Ana ake anakula poganiza kuti munali mbeu kapena zikopa. M'thumbamo munali gitala ya magetsi.

M'mwezi wa Ogasiti caka cimeneco, mdzukulu wake wamkazi, amene anali kuphunzira sekondale ku Chipata, anabwera kumudzi pa chuthi. Tsiku lina madzulo banja lonse linakhala pa khonde kuswa nshawa za mbeu, ndipo mtsikanayo anaika foni yake pa mtondo wovundikira kuti anthu azimvako nyimbo pogwira nchito. Zinalira nyimbo ziwiri zitatu za acinyamata, mkuluyo osatukula mutu. Kenaka inayamba ina. Gitala yake inalira mosasa ngati nsalu yolimba imene ili kung'ambika, ng'oma zikuthamanga pambuyo pake, ndipo mwamuna wina anayamba kuimba. Manja a mkuluyo anaima m'licero.

"Mdzukulu wanga, tabwezera nyimboyo poyambira," anatero. Atamvetsera kaciwiri anafunsa kuti, "Nyimbo yakale cotere waitola kuti?"

"Si yakale iai, agogo. Yatuluka m'mwezi wa Juni caka comwe cino."

"Usandiseweretse, mwana iwe. Mau awa ndi a Jagari. Ndinawamva ndi makutu angawa amako asanabadwe."

"Ndi iwo amene, agogo. Ali moyo, ndipo ali kuimba m'maiko a kutsidya kwa nyanja."

Mkuluyo sanayankhe. Anaika licero pansi nalowa m'nyumba, ndipo usiku umenewo anangodya mbamu ziwiri za nsima.

ANYAMATA A KU KITWE

Kwa awerengi amene anabadwa masiku amenewo atapita kale, nkoyenera kufotokoza kuti Jagari ndani. Dzina lao lenileni ndi a Emmanuel Chanda, ndipo ndiwo anali kutsogolera nyimbo m'gulu la oimba lochedwa WITCH, limene linayambira ku Kitwe kuciyambi kwa zaka za m'ma 1970. Dzina lakuti Jagari linacokera kwa Mick Jagger, woimba wa ku Mangalande wa gulu la Rolling Stones, pakuti mnyamatayo anali kudumpha ndi kudzipinda pamaso pa anthu monga iye. Dzina la gululo linadetsa nkhawa makolo ambiri, cifukwa m'Cingerezi liu limeneli litanthauza mfiti. Koma eni ake anafotokoza kuti cilembo ciliconse ciimira liu lake, We Intend To Cause Havoc, ndiye kunena kuti colinga cao cinali kuutsa cipwirikiti. Cipwirikiti cake cinali ca magule ndi phokoso la magitala, osati ca usiku ca kumanda.

Pamodzi ndi a Chanda munali a Chris Mbewe ndi a John Muma pa magitala, a Gedeon Mulenga pa gitala ya besi, a Boidi Sinkala pa ng'oma, ndi a Paul Mumba pa limba la magetsi. Zimbale zao zoyamba zinali Introduction ndi In the Past. Mu 1975 anatulutsa Lazy Bones!!, cimene cinawachukitsa m'dziko lonse, ndipo mu 1976 cinatsatira Lukombo Vibes.

Nyengo imeneyo inali yokomera oimba. Dziko linali litangolandira ufulu mu 1964, mkuwa unali kugulidwa pa mtengo wabwino, ndipo anyamata a pa mgodi anali ndi ndalama m'thumba pa kutha kwa mwezi. Pakati pa zaka za m'ma 1970 Mtsogoleri Kenneth Kaunda analamula kuti pa nyimbo 100 zilizonse zoulutsidwa pa wailesi, 95 zikhale za oimba a muno m'Zambia. Ku Ndola kunali kampani ya Teal yodinda zimbale, ndipo ku Lusaka kunali nyumba yojambuliramo nyimbo ya DB Studios. Magulu a oimba anamera ngati bowa pa mvula: Musi-O-Tunya ya a Rikki Ililonga, Amanaz, ndi Ngozi Family ya a Paul Ngozi, amene nyimbo zao zambiri anaziimba m'Cinyanja. Nyimbo za magulu amenewa, zosakaniza kalizidwe ka magitala ka Azungu ndi kagundidwe ka ng'oma za kumudzi, zinapatsidwa dzina lakuti Zamrock.

BOKOSI LA ANTHU ASANU

Mkulu wa ku Vubwi uja ananyamuka ulendo wa ku Kitwe mu 1971, ali ndi zaka 19. Basi imene anakwera ku Chipata itaima pa Sinda, munalowa mnyamata wina wa msinkhu wake nakhala naye mpando umodzi. Anagawana mbatata zoocha, ndipo pofika ku Lusaka anali atayamba kale kuitanana kuti acimwene. Ku Kitwe onse awiri analembedwa nchito pa mgodi, nagona cipinda cimodzi.

Loweruka lina anakaonerera WITCH. Wa ku Vubwiyo anabwerako makutu ali kulira, ndipo mwezi wotsatira anagula gitala yogwirapo kale nchito m'malo mwa nsapato zimene anafuna kugula. Mnzake wa ku Sinda, amene anaphunzira kuliza limba ku sukulu ya misyoni, sanacedwe kumtsata. Anapeza anzao ena atatu, wina wa ku Kasama, wina wa ku Lundazi, wina wobadwira ku migodi komweko, napanga kagulu kao. Kaguluko sikanachuke, dzina lake silinalembedwe m'nyuzipepala, ndipo sikanajambule cimbale ndi cimodzi comwe. Kanali kuimba m'nyumba za mowa za ku Chamboli ndi ku Wusakile pa masiku olandira malipiro. Komabe anyamatawo anali ndi nyimbo imodzi yopeka okha, yonena za mchona amene aopa kubwerera kwao cimanjamanja, ndipo akaiyamba amuna aakulu anali kuleka kumwa namvetsera.

Cuma cao cacikulu cinali ampulifaya, bokosi lokweza mau a zoimbira. Anasonkherana miyezi isanu ndi inai kuti aligule, aliyense akudzimana ndiwo ndi zovala. Bokosilo linali la anthu asanu, ndipo anali kulinyamula mosinthana pa njinga, atalifunditsa bulangete ngati mwana wodwala.

Koma masiku okoma sanakhalitse. Mu 1975 mtengo wa mkuwa unagwa pa misika ya kunja, ndalama inayamba kucepa mphamvu, ndipo munthu wosowa ufa sagula cimbale. Nkhondo ya ufulu wa dziko la Rhodesia, limene tsopano ndi Zimbabwe, inafika ndi muno momwe. Mu 1978 ndeke za adani zinaponya mabomba pa msasa wa Chikumbi kufupi ndi Lusaka. Boma linaika malamulo oletsa kuyenda usiku ndi kuyatsa nyali, ndipo usiku ndiwo unali munda wa oimba. Pamwamba pa zonsezi panafika nyimbo za disiko. Eni nyumba za mowa anaona kuti nkwapafupi kulipira munthu mmodzi woliza zimbale pa makina kusiyana ndi kudyetsa mimba zisanu.

Gulu la WITCH nalonso linasintha. A Chanda anacokamo kukaphunzira uphunzitsi. Otsalawo analandira oimba atsopano, ndipo mmodzi wa iwo anali a Patrick Mwondela, katswiri wa kiyibodi, limba la magetsi lotha kutsanzira malipenga, zitoliro ndi mau ena osamveka kale m'dziko lino. Ndi kiyibodi imeneyo WITCH inakhala gulu la disiko, nitulutsa cimbale ca Movin' On mu 1980 ndi ca Kuomboka mu 1984. Okonda nyimbo anagawikana. Ena anati gululo layenda ndi nthawi, ena anati lataya mwambo wake. Citatuluka Kuomboka, dzina la WITCH linazimirira.

Mkangano womwewo unalowa m'kagulu ka anyamata asanu aja. Wa ku Sinda anali kunena kuti popanda kiyibodi sadzaitanidwanso kulikonse. Wa ku Vubwi anali kuyankha kuti kiyibodi ndi coimbira ca anthu aulesi. Tsiku lina mu 1981, iye ali pansi pa mgodi pa nchito ya usiku, mnzakeyo anagulitsa bokosi lija nagula kiyibodi. Ena atatu aja anali atavomera, koma iye sanafunsidwe, cifukwa onse anadziwa yankho lake. Atamva m'mawa, anachula mnzake dzina la mbala pamaso pa anthu, natenga gitala yake ndi bulangete lake, nasamukira kwina. Mu 1983 analeka nchito nabwerera ku Vubwi. Anakwatira, analowa mpingo, ndipo gitala inakwera kudenga.

MAKALATA ATATU

Zaka zotsatira zinali za maliro. Matenda a Edzi anasesa m'matauni, ndipo oimba ambiri a nyengo ya Zamrock anapita akali a msinkhu wa nchito. Anthu anali kuopa ngakhale kuchula dzina la matendawo, kufikira mu 1987 pamene a Kaunda anauza dziko lonse poyera kuti mwana wao Masuzyo anamwalira nao. A Paul Ngozi anamwalira mu 1989. Mwa anyamata amene anayambitsa WITCH anatsala a Chanda okha.

Ku Vubwi kunafika makalata atatu, ina mu 1987, ina mu 1989, ina mu 1992, onse olembedwa ndi dzanja limodzi limene mkuluyo analidziwa bwino. Yoyamba inanena za imfa ya wa besi, yaciwiri ya woimba, yacitatu ya wa ng'oma. M'kalata yotsiriza mlembiyo anaonjezapo kuti iye ali kubwerera kwao ku Sinda, pakuti ku Kitwe kunalibenso womceza naye. Mkuluyo sanapite ku maliro ali onse, ndipo sanayankhe kalata ndi imodzi yomwe. Kwa mkazi wake ananena kuti panalibe ndalama za ulendo, ndipo nzoona kuti ndalama zinali zosowa. Koma sitampa ya kalata inali yosafuna kugulitsa mbuzi. Makalatawo anawapinda nawaika m'thumba lomwe lija la gitala.

Munthu angathe kukhala mkulu wa mpingo zaka zambiri, kuyanjanitsa mabanja a eni ake ndi kuweruza bwino milandu ya malire a minda, koma mlandu wake wa iye mwini uli cigonere pamwamba pa mutu wake. Usiku uli wonse mkuluyo anali kugona pansi pa thumbalo, ndipo anazolowera kusayang'ana kumwamba.

NYIMBO ZIMENE ZINAKANA KUFA

M'mawa mwake mwa tsiku la nshawa lija, mkuluyo anaitana mdzukulu wake pa mthunzi wa mango namuuza kuti amuwerengere zonse zimene foniyo inadziwa za Jagari. Mtsikanayo anawerenga pang'onopang'ono, akumasulira m'Cinyanja.

A Chanda, ataphunzitsa ana a sukulu zaka zingapo, anatembenuka mtima nakhala Mkristu wolimbika, ndipo pofuna kudyetsa banja analowa m'thengo kukakumba miyala ya mtengo wapatali, nchito imene anthu a ku Vubwi okumba golide aidziwa bwino kuwawa kwake. A Mwondela anakakhala ku Mangalande. Koma zimbale zakale zija, zimene muno zinali kudyedwa ndi fumbi, zinafika m'manja mwa anthu okonda nyimbo a ku Ulaya ndi ku America. Mu 2012 kampani ya Now-Again Records ya ku Los Angeles inadindanso nyimbo za WITCH za nyengo ya magitala nizigulitsa m'maiko ambiri. Mnyamata wa ku Italy, Gio Arlotta, anabwera kudzafuna a Chanda napanga kanema wa moyo wao, amene anaonetsedwa mu 2019. Pa ulendo umenewo panabweranso oimba acinyamata a ku Netherlands, Jacco Gardner woliza besi ndi Nico Mauskovic wa ng'oma, ndipo mu 2017 gululo linayamba kuimba m'mizinda ya ku Ulaya.

Kuimba nyimbo zakale pamaso pa alendo kukadakwanira kuwapezera cakudya. Koma iwo anabwerera ku Lusaka, nalowanso mu DB Studios momwe muja anajambuliramo m'zaka za m'ma 1970, napeka nyimbo zatsopano. Cimbaleco, cochedwa Zango, cinatuluka mu Juni 2023, patapita zaka 39 cicokere pa Kuomboka. Eni ake anafotokoza kuti dzinali litanthauza malo okumaniranapo anthu, monga mphala kapena bwalo la pamudzi. Anaitananso a Keith Kabwe a gulu lakale la Amanaz, ndi oimba aakazi a mbadwo watsopano, Theresa Ng'ambi, Hanna Tembo ndi Sampa the Great, mwana wa muno amene dzina lake lamveka m'maiko akutali.

"Taima pamenepo," anatero mkuluyo. "Wati a Mwondela ali momwemo?"

"Inde, agogo. Onani cithunzi ici. Awa ndi a Chanda, awa ndi a Mwondela."

Mkuluyo anatenga foniyo naitalikitsa ku maso ake kuti aone bwino. Apa ndi pamene nkhaniyo inamlasa. Iye anadziwa cimene mdzukulu wake sanadziwe, kuti amuna awiriwa anali a nyengo ziwiri zosiyana. Pa zimbale za magitala panalibe a Mwondela, ndipo pa zimbale za disiko panalibe a Chanda. Mmodzi anaimira nyimbo zimene iye anazikonda, wina anaimira coimbira cimene cinamlanda mnzake. Tsono pa cithunzipo anaima phewa ndi phewa, onse a imvi, ndipo pa cimbale catsopanoco gitala yosasa ija inali kulira pamodzi ndi kiyibodi popanda kulandana malo. Mipando ya anzao amene anamwalira sanaisiye yopanda anthu. Anakhazikapo ana a msinkhu wa adzukulu ao.

Mkuluyo anaona kuti amuna awiriwa sanabwerere kudzakhalanso anyamata, pakuti zimenezo sizitheka. Anabwerera cifukwa anatsala owerengeka, ndipo wotsala akakhala cete, amene anapita amafa kaciwiri. Pa anthu asanu a bokosi lija anatsala awiri okha odziwa nyimbo ya mchona ija, ndipo awiriwo sanalankhulane zaka 42.

Madzulo a tsiku lomwelo anabwereka makwerero, natsitsa thumbalo dzuwa lili poyera, ana ndi adzukulu akuona. Mkazi wake anangoti, "Bambo, ndinali kuyesa kuti tidzakuikani nalo m'manda."

ULENDO WA KU SINDA

Zaka zingapo m'mbuyomo mlaliki wina woyendera mipingo anachulapo za nkhalamba ya kufupi ndi Sinda imene inagwirako nchito ku migodi, ndipo inali kuliza kiyibodi m'chalichi ndi dzanja limodzi. Mkuluyo anamva nasunga mumtima dzina la mudziwo. Tsopano anapatula ndalama za matumba awiri a soya, nanyamuka ndi mdzukulu wake, gitala ili m'thumba lake lomwe lija.

Anakwera njinga yamoto kufika pa mseu, nakwera basi yaing'ono ya ku Chipata, ndipo kucokera kumeneko anatsata mseu waukulu wopita ku Lusaka. Inali sabata ya mwambo wa Kulamba, kumapeto kwa Ogasiti, pamene Acewa a m'Zambia, a ku Malawi ndi a ku Mozambique amasonkhana ku Mkaika m'boma la Katete kukapereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi. Basi inadzaza ndi anthu a nsalu zatsopano, koma ambiri anatsikira pa Katete, ndipo mkuluyo anatsala ndi maganizo ake. Kawiri konse anauza mdzukulu wake kuti kapena nkwabwino kubwerera, pakuti munthu amene unamchula mbala pagulu sungamtulukire ngati mvula. Mtsikanayo anayankha kuti, "Agogo, soya mwagulitsa kale."

Anafika pa mudziwo dzuwa litapendeka. Mnyamata wina anawalozera nyumba ya njerwa zoocha, ndipo pa khonde pake panakhala nkhalamba yowonda, dzanja lamanzere lili gone pa miyendo, maso ali mbuu ndi ng'ala.

"Odi kuno!"

Nkhalambayo inatembenuza khutu m'malo mwa maso. Inakhala cete kanthawi, kenaka inati, "Mau awa ndiwadziwa. Lowani, acimwene. Mlandu suola ndithu. Mwabwera kudzalonjerera ampulifaya?"

Mkulu wa ku Vubwi anavula cipewa, nakhala pansi pa dothi, mpando umene alamu ake anamtengera ali kuuona. "Iai, acimwene. Ndabwera kudzafunsa kumene munaika anzathu."

Pamenepo amuna awiriwo analira monga alirira anthu pa siwa, ndipo akazi a pakhomopo anacotsa ana. Atatonthola, wa ku Sinda anafotokoza maliro onse atatu mwa dongosolo lake: amene anadwazika, amene anasambitsa, amene ananyamula bokosi, ndi mbali ya manda kumene aliyense anagona. Ananenanso kuti wa ng'oma uja anamwalira nchito itamthera, abale ake ali kutali, ndipo panalibe cogulira bokosi la maliro. Tsono iye anagulitsa kiyibodi ija.

"Ndalama ya anthu asanu inabwerera kwa mwini wake mmodzi," anatero. "Gawo lanu linalowa m'manda a mnzathu. Koma kugulitsa cinthu ca gulu inu muli pansi pa mgodi, kumeneko ndinalakwa. Kiyibodi inatidyetsa zaka zinai, komabe ndinalakwa."

"Inu munalakwa usiku umodzi," anayankha mnzakeyo. "Ine ndalakwa zaka 42. Makalata anu onse ndinalandira. Ali m'thumbamu."

Alamu ake, amene anali kumvetsera ali pa khomo la khichini, anati cibale ndi fupa, siciola, ndipo anatuma mwana kukagwira nkhuku.

NYIMBO YA MCHONA

M'mawa mwake anamasula thumbalo. Gitala inali ndi nsambo zitatu zokha, zonse za dzimbiri, ndipo khosi lake linapindika pang'ono ndi utsi wa zaka zambiri. Mnyamata wa m'kwaya ya pa chalichipo anaipukuta ndi mafuta a makina osokera, naikamo nsambo za gitala yake, ndipo pamene inasowa imodzi anasomola waya wa buleki ya njinga. Anaitengera ku chalichi kumene kunali kiyibodi ya mpingo ndi sipika yoyendera batire ya sola. Ataloweka cingwe, sipikayo inayamba yatokosera ngati ciwala, kenaka gitala inalira.

Nkhaniyi ikadakoma kuinena kuti nkhalamba ziwirizo zinaimba monga kale, koma sizinatero. Zala zimene zagwira khasu zaka 40 sizithamanga pa nsambo, ndipo dzanja limodzi silingalize mbali ziwiri za kiyibodi. Anayamba nyimbo ya mchona katatu, ndipo katatu konse inawagwera panjira. Pamenepo acinyamata a m'kwaya, amene anadza kudzangoonerera, analowapo osapemphedwa. Wina anagwira ng'oma, atsikana awiri anatenga zisekese, ndipo mnyamata wokonza nsambo uja anaima kumanzere kwa nkhalamba ya ku Sinda naliza mbali ya besi imene dzanja lopuwala linalephera. Ulendo wacinai nyimboyo inaima ndi miyendo yake.

Ndime yaciwiri onse awiri anali ataiiwala. Anakangana pang'ono, wina akuti inayamba mwakuti, wina akuti iai, kufikira anaseka okha. Tsono anapeka ina pomwepo, nachulamo maina a anzao atatu aja ndi kwao kwa aliyense, Kasama, Lundazi ndi Kitwe. Mdzukulu uja anakweza foni yake najambula zonse. Motero kagulu kamene sikanalowepo m'nyumba yojambuliramo nyimbo kanajambulidwa kwa nthawi yoyamba, m'chalichi ca kumudzi, nyimbo yake ikusokonezedwa ndi tambala wa panja.

Atabwerera ku Vubwi, akulu ena a mpingo anang'ung'udza pomva kuti mnzao anali woimba wa m'nyumba za mowa, ndi kuti cinamuutsa ndi gulu la dzina la mfiti. Iye anawayankha pa msonkhano wao kuti gitala sinamcimwitse ili m'manja monga inamcimwitsira ili m'denga, ndipo anawafotokozera za makalata atatu aja. Panalibe amene anaonjezapo mau.

Mu Juni 2025 a Chanda, a Mwondela ndi anzao anatulutsa cimbale cina cochedwa Sogolo, dzina limene Mnyanja ali yense amva kuti linena za kutsogolo. Mdzukulu uja anatumiza nyimbo zake pa foni ya amalume ake, ndipo mkuluyo anazimvetsera pa khonde lomwe lija, naweruza kuti kiyibodi yacuruka pang'ono. Mau amenewa anawatumiza ku Sinda, ndipo yankho linabwera tsiku lomwelo lakuti makutu a ku Vubwi sanacire.

Gitala ija tsopano ikhala pa msomali wa pa cipupa, pafupi ndi kalendala ya mpingo. Loweruka masana, nchito ya kumunda ikatha, ana anai kapena asanu amabwera kudzaphunzira kugwira nsambo, ndipo nyimbo yoyamba imene amaphunzira ndi ya mchona, pamodzi ndi ndime yake ya maina atatu. Thumba la feteleza lija mkazi wake analicapa, ndipo asungiramo nshawa za mbeu.